Mwala wa Mumtsuko

Ndinali Folomu 3, zipani zambiri zitangoyamba kumene, pamene aphunzitsi athu a sayansi anatipatsa ntchito yokulitsa mwala wa krustalo. Tinkasungunula alamu, mankhwala oyeretsera madzi aja, m'madzi otentha, n'kuthiramo pang'ono alamu wina wokhala ndi kromiyamu woti apatse mwalawo mtundu. Kenako tinkamanga ku ulusi kachidutswa ka alamu konga njere ya mpunga, n'kukalendeweza m'botolo kuti kakule kukhala mwala umodzi.

M'labu mwathu zinkakanika. Denga linali la malata, masana kutentha, m'mawa kuzizira, ndipo pansi pa botolo pankangodzaza timiyala tonga shuga.

Titatsekera, ndinapita nalo botolo langa kwathu ku Kanyenda. Ndinaliimika mumtsuko wakale wa amayi, madzi akulekeza m'khosi mwa botololo, mtsukowo n'kuukhazika pamchenga wonyowa kuseri kwa chitseko. Madzi a mumtsuko satentha ngakhale dzuwa liswe mtengo.

"Anzako akuweta nkhunda, iwe ukuweta mwala," anatero amayi. "Ukaswa udzatigawireko."

Patatha milungu itatu mwalawo unakula ngati nthudza, wofiirira ngati biringanya, wa mbali zisanu ndi zitatu zosalala. Ndinayeza ngodya zake mobwerezabwereza, zonse zinkafanana. Ndikauwalitsa ndi tochi, kuwala kunkadutsa osagunda mng'alu.

Titatsegulira, aphunzitsi anausankha kuti upite ku chionetsero cha sayansi.

"Koma iwe, akakakufunsa ukanene kuti unakulira m'labu. Kukakhala anthu a ku yunivesite. Ukakatchula za mitsuko zakozo, makiyi a labu ukandibwezere."

Makiyiwo ndinkasunga ndine, ndipo m'labumo ndimo ndinkathawira anzanga akamandiseka Chingelezi changa cha kumudzi.

"Chabwino, sala," ndinatero. Ine chilichonse ndinkangoti chabwino.

Tsiku la chionetsero, mayi wina wa ku yunivesite anaunyamula mwalawo n'kuuyang'ana pawindo nthawi yaitali.

"Kuno kotentha chonchi, munatani kuti madzi asamasinthesinthe kutentha? Muli ndi makina?"

Aphunzitsi anakhosomola kumbuyo kwanga. Ndinayang'ana pansi. Koma mchenga uja ndinkaunyowetsa ndekha m'mawa uliwonse, ndipo denga la malata silinakulitsepo mwala wa munthu.

"Unakulira mumtsuko, madamu. Wadothi, wa amayi anga."

Ana ena anaseka. Mayiwo anandifunsa kukula kwa mtsukowo ndi kuchuluka kwa madzi, ine n'kuyankha zonse, iwo akulemba.

Sitinapambane. Tikutsika lole pasukulu, aphunzitsi anatambasula dzanja.

"Ukapepesa pamaso pa anzako, ndikusiyira makiyiwo."

Ndinamasula chingwe cha makiyi m'khosi, n'kuwapatsa ndi manja awiri monga anandilerera.

"Pepani sinditero, sala. Unakuliradi mumtsuko."

Mpaka ndinalemba mayeso a Folomu 4, m'labu ndinkalowa ndi gulu basi, n'kutuluka nalo.