Mchere Wodula wa Atelala

Atelala anaponda makina osokera zaka makumi atatu pakhonde la sitolo, mapini ali kukamwa. Munthu wa manja abwino, koma makutu ongokolekapo magalasi. Kenaka mtima unatopa, miyendo n'kutupa. Ukadina ndi chala, dzenje limatsala pomwepo.

Kuchipatala anawapatsa mapiritsi okodzetsa. Madzi amachoka ndithu, koma amakokolola ndi potaziyamu yemwe, kamchere ka m'magazi koyendetsa kugunda kwa mtima. Ndiye anawauza kuti azidya nthochi. Akazi awo, mayi wa khama lopitirira muyeso, anagwira mawuwo ngati lamulo: nthochi m'mawa, nthochi masana, ina m'thumba la jekete.

Patapita miyezi, adokotala anasintha mankhwala. Atsopanowa amauza impso kuti taya madzi ndi mchere wamba, koma potaziyamu usunge. Anafotokoza zonse bwinobwino. Tsoka lake, tsiku limenelo atelala anapita okha, ndipo kunyumba anafika ndi mawu awiri basi, oti achepetse mchere.

Mayi aja anathamangira kusitolo yaikulu, n'kugula mchere wodula, wa kabotolo kojambulidwa mtima. Nthochi osasiya.

Lachiwiri lina masana, atelala akusoka diresi ya ukwati, phazi linakana kuponda. Milomo inachita dzanzi. Mtima umati kugunda, kuima, kugunda. Mayi atabwera ndi chakudya anawapeza atatsamira khoma, thukuta kamukamu, akuti si kanthu. Anawakokera m'galimoto ya hayala, dzanja lili pachifuwa pawo njira yonse, akuwerenga kugunda kwa mtima.

Anesi anatenga magazi, anamata timawaya pachifuwa, n'kufunsa zimene bambo amadya. Mayi anatulutsa kabotolo kaja m'chikwama monyadira. Anakanyamula dala, kuopa kuti kuchipatala awathirira mchere wamba. Anesi anakatembenuza, n'kuwerenga timalemba takumbuyo.

"Mayi, mchere uwu ndi potaziyamu. Mankhwala akumusunga, inu mukuwonjezera. Wadzadza m'magazi."

 Mayi anakhala pabenchi, kabotolo kali pamiyendo, maso pa kamzere kodumphadumpha pamakina oonetsa kugunda kwa mtima. Atelala anawaika dripi. Ola linatha, lina n'kutha. Sanapemphere n'komwe, amangowerenga.

Dzuwa likupendeka kamzere kaja kanayamba kuyenda mwa dongosolo. Atelala anatsegula maso, n'kuona kabotolo.

"Amayi a m'nyumba, ndimadziwa kuti mudzandipha, koma sindimadziwa kuti mudzachita kugula zodula."

"Khalani chete bambo inu. Dokotala amakupatsani mawu khumi, inu n'kubwera nawo awiri. Enawo munasokera m'thalauza la ndani?"

Amakalipa choncho, koma dzanja lawo silinachoke paphazi la amuna awo.

Diresi ija inachedwa sabata, mkwatibwi analalata. Atelala akupondabe makina mpaka lero. Koma tsiku la kuchipatala sapitanso okha. Mayi amakhala pampando wakutsogolo, ndipo adokotala satuluka asanabwereze kawiri.