Chinangwa Changa cha Kudambo

Ndikukumbukira bwino amene anandilakwira: malume anga, a Chimphonda, mwinimbumba wathu. Anandichotsa sukulu ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, nagulitsa ng'ombe ziwiri za amayi kuti agule mbande za tung.

Tinali titachoka ku Dowa kutsata ntchito ku Mzuzu, nthawiyo kudakali thengo ndi nkhungu yozizira mpaka m'mafupa. Tung ndi mtengo umene azungu ankagula nthanga zake n'kuyenga mafuta. Aliyense ankabzala, ndiye malume anati nafenso tibzale munda wonse, ine ndikhale wolimira.

"Nanga tidzadya chiyani, malume?" ndinafunsa.

"Ndalama, mbuzi iwe! Anthu onsewa ndi opusa, wanzeru ndiwe?"

Ine mtima wanga ndi wapachala chibadwire. Ndinapita kwa a NyaMhango, mayi wachitumbuka amene tinayandikana naye ku Chiputula, kukapempha mitengo ya chinangwa. Anaseka. "Iwe mwana wa ku Dowa, chinangwa uchidziwira kuti? Tenga, koma usabzale chozondotsa." Ndinati yewo chomene, n'kukabzala m'mphepete mwa munda. Malume atachiona anazula chonse, nandimenya khofi pamaso pa amayi. Khutu linalira masiku atatu. Koma ndinatola mitengoyo n'kukaibzala kuseri kwa dambo, kumene iwo sankafika poopa matope. Chaka ndi chaka ndinkawonjezera mizere.

Tung wathu atayamba kubereka, mtengo wake pamsika unatsika. Ogula anangoti kunja sakumufunanso. Matumba anaunjikana pakhonde mpaka kuchita nkhungu, akununkha fungo la mafuta owola. Nthanga zake sadya, ngakhale nkhumba siziyandikira. Amuna ambiri ntchito inawathera, malumenso momwemo, ndipo mlongo wanga wamng'ono anayamba kugona ndi njala.

Ndipamene ndinatengera amayi kudambo. Ataona chinangwa chonsecho anaima, manja pakamwa. Tinakumba, kusenda, kuyanika makaka padenga. A NyaMhango anawaphunzitsa kuviika chinangwa kuti chichoke kuwawa. Chaka chimenecho m'nyumba mwathu simunafe munthu.

Sukulu sindinabwererenso, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Koma ndinaphunzira kuti kuchuluka kwa anthu panjira sikutanthauza kuti akudziwa kumene akupita. Aliyense anali kungoyang'ana khasu la mnzake.

Tsiku lina malume anabwera, nadya makaka anga okazinga mpaka kunyambita zala. Atakhuta anati, "Mphwanga, anyamata onse akupita ku Joni. Mawa ukalembetse."

Ndinaimirira.

"Malume, anthu onse aja munawatsata anakupatsani matumba ali pakhondewo, kadyeni. Chimene chili m'mimba mwanumo ndi chija munandimenyera. Ng'ombe za amayi munamaliza, sukulu yanga munamaliza, koma mutu uwu ndi wanga. Ku Joni pitani nokha."