Mayi Elvire Quenon ndi Tsamba la pa Chulu Chakuda

Ambiri a ife m'parishi ino ya Barbara Woyera tinawadziwa mayi Elvire Quenon atakalamba kale, akuyenda ndi dengu pamkono m'mizere ya nyumba za kumgodi, kugogoda khomo ili ndi ilo. Bambo mfumu apempha kuti moyo wawo ulembedwe owakumbukira asanathe. Zomwe zili pano n'zomwe atiuza mwana wawo Irma pamodzi ndi anansi.

Anabadwa mu 1908 m'nyumba yomaliza ya mzere wakumunsi, patsinde penipeni pa chulu chakuda pomwe mgodi wa malasha unkataya miyala. Bambo awo ankasamala akavalo apansi pa mgodi, ndipo chifuwa chawo chinkafika pakhomo iwo asanatulukire pangodya. Ndi iwowo amene anakwera naye Elvire pachulupo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mwezi wa Malichi chisanu chisanatheretu, n'kumuonetsa timaluwa tachikasu totuluka pa dothi lomwe ngakhale udzu unkalikana.

"Nanga masamba ake ali kuti, ababa?"

"Akubwera m'mbuyo. Kameneka n'kamwano, mwana amatsogola bambo ake asanadzuke. Thyola duwa lero, tsamba udzalipeza mu Juni."

Tsambalo ndi lija timalitcha chiboda-cha-bulu, lotambalala, kunsi kwake koyera ngati thonje. Elvire anaphunzira kuliyanika pa chingwe kudenga, kuwiritsa maluwa ake ndi shuga mpaka manyuchi, ndi kulidula bwinobwino kuti bambo ake aziika m'kaliwo. Chifuwa chinkafewa pang'ono, munthu n'kupeza tulo. Bambowo anamwalira mtsikanayo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, atayamba kale ntchito yosankha miyala m'malasha. Anzake amakumbukira kuti ankafika ku Misa ya m'mawa manja ali ong'aluka, ndipo ankawabisa pansi pa mpango popita kukalandira Ukaristia.

Mu 1929 anakwatiwa ndi a Florimond Quenon, wokumba mwala, munthu wanthabwala amene ankaimba mokweza m'tchalitchi ngakhale nyimbo sankaidziwa. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Irma.

Chiyeso cha moyo wawo chinabwera mu 1938, ndipo chinabwera chitavala nkhope ya chisomo. Kunamveka kuti dokotala wa mgodi adzayeza amuna onse okumba mwala, ndipo wopezeka akukhosomola adzachotsedwa pansi, mwinanso ntchito kumene idzamuthera. A Florimond anali atayamba kale kukhosomola m'mawa uliwonse.

"Mayi a Irma, akangondimva uja, ndatha ine. Tidzadya chiyani, malasha?"

"Khalani pansi, bambo a Irma. Mulungu sanameretse tsamba lija pachabe."

Kwa masabata atatu anawamwetsa tiyi wa chiboda katatu patsiku, manyuchi pa supuni, kaliwo madzulo, iwo akuchita novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi, kwa Barbara Woyera. Tsiku loyeza, dokotala anaika chomvera pachifuwa kanthawi kochepa n'kunena kuti wotsatira. A Florimond anabwera akuimba mumsewu monse, anawanyamula akazi awo m'mwamba pamaso pa anansi, ndipo Lamulungu lotsatira mayi Elvire anayatsa kandulo yothokoza.

A Florimond anatsikanso pansi zaka zina zisanu ndi zitatu. Pofika mu 1946, fumbi la mwala litawadzaza m'mapapo, sankatha kukwera masitepe a m'nyumba mwawo momwe. Kugona chagada kunali kosatheka, choncho ankakhala pampando pafupi ndi windo, zigongono pa mawondo, kufunafuna mpweya ngati nsomba yovuulidwa. Tsiku lina masana, akazi awo akuwapatsa kapu ija, anaiyang'ana nthawi yaitali n'kumwetulira.

"Mankhwala anuwa ndi abwino mopitirira, mayi a Irma. Mukanangondisiya ndikhosomole tsiku lija."

Ananena mwanthabwala, monga ankanenera zonse. Patatha masabata awiri anamwalira, ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.

Kupatula wansembe, mayi Elvire sanauze munthu za mawu amenewa kwa zaka zambiri. Koma kuyambira mwezi wa maliro, nthawi ya folo koloko masana, pomwe amuna a shifiti ya m'mawa ankabwerera kunyumba, ankamva chifuwa m'chipinda cha windo lija. Kawiri, kenako kupuma, kenako kamodzi kotalika, monga ankachitira amuna awo. Poyamba ankathamangirako. Ankapeza mpando uli chete, dzuwa lili pa thabwa. Irma akuti tsiku lina, ali mtsikana, anawaona mayi ake ataima chilili pakati pa khitchini, mbatata ili m'manja, nkhope itayera.

"Mwamva chiyani, amayi?"

"Iwe sunamve?"

Irma akuti mpaka lero sadziwa ngati anamva kapena ayi. Nyumba za m'mizere zimagawana khoma, ndipo masiku amenewo panalibe khoma lopanda munthu wokhosomola kuseri kwake.

Mayi Elvire anapita nazo kwa bambo Ursmar, amene anali bambo mfumu nthawi imeneyo, akudziimba mlandu wobisa chifuwa cha amuna awo. Izi anazifotokoza okha mayiwo ali okalamba. Wansembeyo anawauza kuti palibe tchimo pamenepo, kuti anachita mwachikondi, ndipo fumbi silinali lawo.

"Ndamva, Bambo. Koma sindinabwere kudzafunsa ngati ndi tchimo. Ndabwera kudzafunsa kuti ndichite nacho chiyani."

 Bambo Ursmar anati m'mzere wachitatu muli munthu amene akufa yekha, mkazi wake ali kuntchito tsiku lonse.

Umo ndi momwe unayambira utumiki womwe tonse tikuudziwa. Folo koloko ikamayandikira, mayi Elvire sankapezekanso m'nyumba mwawo. Ankatenga dengu, kolona m'thumba, n'kupita kwa odwala fumbi. Ankawasintha mapilo, kuwapukuta msana, kutaya zolavulira, kuwawiritsira chiboda. Okhulupirira ankapemphera nawo. Osakhulupirira, amene analipo ambiri ndipo ena ankawanyoza kuti "sisitere wopanda chovala", ankangowawerengera nkhani za mpikisano wa nkhunda m'nyuzipepala. Atabwera Ataliyana kudzagwira ntchito mumgodi, fumbi silinawasankhe, ndipo mayiwo sanawasankhenso. Chinthu chimodzi chokha ankakana. Mwamuna wogwirabe ntchito pansi akawapempha tsambalo, ankamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Tsambali silichiza, mwanawe, limangotontholetsa. Chifuwa chako chikukuuza zoona. Chisiye chilankhule." Ena ankachoka atakwiya. Mmodzi anawatukwana pakhomo pa tchalitchi penipeni, iwo anangoweramitsa mutu.

Mgodi unatsekedwa, chulu chinamera mitengo, koma odwala anatsala. Zaka pafupifupi makumi anayi mayi Elvire anakwera chulu chija Malichi ndi Juni aliyense, mawondo akulira.

Mu 1987 kunabwera dokotala watsopano, mayi wachitsikana waulemu. Atapeza mabotolo a manyuchi a chiboda m'nyumba zingapo, anapita yekha kwa mayi Elvire.

"Agogo, ndikhululukireni. Ophunzira apeza kuti chomerachi, munthu akamamwa nthawi yaitali, chingathe kuwononga chiwindi. Sindikuti mwapweteka munthu. Sindikudziwa. Koma ndikupempha kuti muleke."

Mayi Elvire anafunsa funso limodzi lokha: munthu wodwala chiwindi amaoneka bwanji? Atamva za maso achikasu ndi mimba yotupa, anakhala pansi. Anali atakumbukira a Désiré Lhost, mmodzi wa odwala fumbi, amene anawamwetsa chiboda zaka khumi ndi chimodzi, ndipo anamwalira ali achikasu ngati kandulo.

Tsiku lomwelo anatsitsa mitolo yonse kudenga n'kuiponya m'mbaula. M'mawa mwake, itatha Misa, anakagogoda kwa mkazi wamasiye wa a Désiré, mayi Palmyre, amene lilime lawo linkaopedwa m'mizere yonse. Anaima pakhomo, nkhalamba ya zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, n'kufotokoza zonse osabisa kanthu, n'kupempha chikhululukiro.

"Iwe Elvire, wapenga? Désiré ankamwa mowa wa jini ngati ngalande. Chiwindi chake anachimaliza yekha, usamulande ulemu umenewo."

"Koma sitingadziwe, Palmyre."

"Eya, sitingadziwe. Chomwe ndikudziwa ine n'chakuti usanabwere ndinkafuna kumutseka pakamwa ndi pilo, Mulungu andikhululukire. Lowa, khofi akuzizira."

Analowa, koma mtolo wa mumtima sunatsike wonse. Irma akuti kuyambira pamenepo mayi ake ankatchula mayina awiri, la a Florimond ndi la a Désiré, pomaliza kolona, ndipo nthawi zina ankayamba kuwerenga ena pa zala, n'kulekera panjira.

Chomwe ankaopa kwambiri chinali kupita kwa odwala chimanjamanja. Ankaganiza kuti popanda dengu palibe amene adzawatsegulire. Anayamba ndi a Gavino, Mtaliyana wa mzere wachisanu, amene ankapuma ndi botolo la mpweya. Anawauza pakhomo kuti lero sanabweretse kanthu, ndipo sadzabweretsanso.

A Gavino anaseka mpaka kutsamwa. "Ambuye alemekezeke! Mama, tiyi wanu uja ankakoma ngati udzu wa m'khola. Theka ndinkathirira maluwa apawindowa, taonani mmene anenepera. Khalani pansi. Kodi nkhunda ya mnzathu Camille inabwerako ku mpikisano?"

Mayi Elvire anapitiriza choncho zaka zina zinayi, manja ali m'thumba la malaya, mpaka miyendo inakana. M'nyengo ya Lenti ya 1991 anagona. Analandira sakramenti la kudzoza odwala Lachiwiri m'mawa, ali ndi nzeru zawo zonse, ndipo anapempha Irma kuti auze a bungwe la amayi kuti mzere wachisanu usasiyidwe. Masana a tsiku lomwelo, mayi Palmyre atawagwira dzanja, anapuma mofatsa katatu n'kuleka. Mayi Palmyre akuti m'mudzi uno anali asanaonepo munthu akufa mpweya uli womukwanira.

Tsiku la maliro kunagwa mvula yowaza. Misa itatsala pang'ono kuyamba, wosamala tchalitchi anadzanong'oneza bambo mfumu kuti adikire. Pamsewu wokwera kutchalitchi pankabwera amuna khumi ndi mmodzi, otsala a mgodi, ena akukoka mabotolo a mpweya pa tingolo. Anakana galimoto. Ankayenda masitepe khumi, n'kutsamira mpanda, n'kuyambanso. Tinawadikira mphindi makumi anayi, ndipo palibe amene anadandaula. Kunyamula bokosi sakanatha, kuimba sakanathanso. Anangokhala pa benchi yakutsogolo, zipewa pa mawondo, ndipo wansembe atakweza Mkate, tchalitchi chonse chili zii, chomwe chinkamveka chinali kupuma kwawo.

Mwa amuna amenewo atsala anayi. Bungwe la amayi likusowa anthu awiri oti aziwayendera Lolemba ndi Lachinayi masana. Simufunika kubweretsa kanthu.

Ambuye, apatseni mtumiki wanu Elvire mpumulo umene ankaufunira ena, ndipo kuwala kwanu kusawachokere.