Tinabweza miyala m'munda

Munda wathu wa kufupi ndi Chamama unali woipa, ndisaname. Unali m'mphepete mwa dambo, ndipo khasu likangolowa pansi linkalira ngati wamenya mbale. Munali timiyala tobulungira, takuda mofiirira, tina ngati nandolo, tina ngati dzira la nkhanga. Kwathu timati lubwe. Tili ana tinkatikonda chifukwa pa legeni timapita mowongoka, koma amayi ankatida koopsa. Chimwalirireni bambo, chaka ndi chaka ankatola timiyalato m'dengu n'kukataya kumalire, mpaka milu inafika m'chiuno. Ankati timaswana. Nditawauza zimene ndinaphunzira ku sekondale, kuti timakuladi koma pang'onopang'ono, anangoti tikakulire kwa eni ake sukuluyo.

Inali nthawi ija maesiteti a fodya ankamera ngati bowa. Bwana wina wa ku tauni akaloza dera, anthu ankabwera kudzaona nthaka, kenako zikhomo, kenako mawu akuti musamuke, ndi chitukuko. Kukana kunalibe. Pakamwa pako pomwe pankakutengera kumene sunkafuna kupita. Ine ndinali nditamaliza sukulu, ntchito ndilibe, mtima uli pamphuno. Titamva kuti oona nthaka afika mudzi woyandikana nawo, ndinanena pabwalo kuti wokhoma chikhomo m'munda wa bambo anga adzayambe wandikhoma ine. Amayi anandikokera m'nyumba ndi kolala, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuti ataye munda ndi mwana chaka chimodzi.

Nzeru inachokera kwa iwo. Anamva kuchigayo kuti mbali ina oona nthaka anaisiya chifukwa pulawo ya thirakitala imathyoka pa lubwe, ndipo fodya wa esiteti safuna nthaka yosunga madzi. Anabwereka ngolo kwa malume. Masana dzuwa likuswa mtengo tinayamba kuphwasula milu ija n'kumamwaza miyala m'munda monse. Odutsa akafunsa, amayi ankati tikuletsa madzi kukokolola nthaka. Ine ndinkatukwana njira yonse. Amayi anangopitiriza ntchito. Ndinawaona atanyamula dengu lomwe lija, akukhuthula ndi manja awo zimene anatola ndi msana wa zaka zambiri.

Woona nthaka anali bambo wamtali wa kumpoto, Chichewa chake chokoka Chitumbuka, atanyamula chitsulo chobowolera pansi ndi kanyundo. Anayenda m'mizere, n'kuima, n'kuyang'ana kumalire kumene milu inasiya zipsera zopanda udzu. Anatola kamwala kamodzi. Kanali koyera bwino, kotsukidwa ndi mvula, kopanda dothi ngakhale pang'ono. Ndinadziwa kuti watitulukira, ndipo ndinayamba kale kusankha mawu omulalatira.

Anakaswa ndi nyundo n'kutionetsa mkati. Munali mizere yozungulira ngati anyezi, pakati kamchenga kamodzi. Anafotokoza kuti m'dzinja madzi akadzaza pansi, mpweya umasowa ndipo chitsulo cha m'nthaka chimasungunuka. M'chilimwe madzi akatsika, mpweya umalowa, chitsulocho chimachita dzimbiri n'kumata pa kamchenga. Zofiirazo n'chitsulo, zakudazo n'china chotchedwa manganizi. Anati kusukulu ya zaulimi anagwirapo mwala wotere wochokera pansi pa nyanja yaikulu yamchere, kumene miyala yotere ili mbwee ngati mbatata zokumbidwa. Kumeneko imakula mozungulira dzino la nsomba yolusa, ndipo kuti ionjezere kukhuthala ngati chikhadabo pamapita mibadwo yoti palibe angaiwerenge. Ya kumtunda kuno imafulumirako, komabe munthu sangaione ikukula.

Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Koma yanuyi, amama, yandidabwitsa. Yamera pamwamba pa mizere ya chaka chino."

Ndinatsegula pakamwa. Amayi anandiponda chala ndi chidendene, n'kuyankha mofatsa kuti, "Munda uno ndi wa mavuto, bambo. Zonse zimamera kupatula chimanga."

Bamboyo anaseka pang'ono. Anazika chitsulo chake pakati pa munda n'kuyamba kupotokola. Chisanalowe kutalika kwa mkono chinakukuta, n'kuima. Anayesa pena, chimodzimodzi. Pansipo panali lubwe weniweni, timiyala togwirana ngati simenti, amene sanaikidwe ndi munthu. Anapukuta thukuta n'kunena kuti zapamwambazi iye sanazione, koma zapansizi azinena monga zilili. Anandipatsa theka la kamwala kaja, nati ndiphunzire kuugwira mtima pang'onopang'ono, monga mwala umapezera thupi.

Zikhomo zinadutsa kumtunda kwa munda wathu. Anzathu a nthaka yofiira yabwino, amene ankatiseka, anasamuka, ena n'kubwerera ngati matenanti pa malo a makolo awo. Sitinasangalale poyera. Ukanasangalala bwanji malume akupakira denga lawo pa ngolo yomwe ija?

Mvula isanagwe amayi anandipatsa dengu. Ndinakalipa kuti miyala yatipulumutsa, isiyeni. Anati yagwira ntchito yake, ibwerere kwawo, chimanga sichimera pa ulemu. Tinatola mpaka zala zinang'ambika, iwo kutsogolo akuimba nyimbo za kutchalitchi, ine kumbuyo ndikung'ung'udza.

Mundawo ndikulima ine tsopano, ndipo ndi woipabe. Khasu likalira pa lubwe ndimatukwana ngati kale. Kenako ndimawerama, n'kutola, n'kukaika pa mulu wa amayi.