Abakha a thadzi la amalume

Dengu lija ndimalikumbukirabe, long'ambika m'mbali, lonunkha zitosi, lili pakona ya chigafa cha fodya cha amalume kwa Nsaru. Mmenemo ndi mmene thadzi lawo lakuda linkafungatira mazira, dzinja limene ndinali Folomu 3.

Chaka chimenecho aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti nkhuku, buluzi ndi munthu kholo lawo ndi limodzi, lakalekale. Ine nkhaniyo ndinakaitula dala pakhomo, amalume akusoka fodya. Iwo anali mkulu wa mpingo komanso wapampando wa komiti ya sukulu. "Chilichonse monga mwa mtundu wake!" anakalipa. "Ngati agogo ake ndi buluzi, akaphunzitse abuluzi anzakewo." Kuyambira tsikulo ankangosaka chifukwa chowachotsera aphunzitsiwo.

Chifukwacho ndinawapatsa ndine. Ndinachotsa mazira m'dengu muja, n'kuikamo a bakha wa amayi. Mazira a nkhukuwo ndinaphika, ndipo ankakoma zedi. Thadzi linafungatira mpaka kuonda. Tsiku lina mvula itangokata, tiana ta milomo yaphwatalala tinathamangira m'chithaphwi, make akulira m'mphepete. Ndinakuwa: "Bwerani muone! Nkhuku ya akulu a mpingo yasintha mtundu!"

Anthu anaseka chikhakhali, pakuti ndani sadziwa kuti thadzi limafungatira dzira lililonse? Amalume sanaseke. Anandikwapula ndi ndodo yoyanikira fodya, kenaka ulendo wa kusukulu. "Onani zimene akuphunzitsa ana athu." Teremu isanathe, aphunzitsi anasamutsidwa. Amayi anangoti, "Iwe, pakamwa pakopo padzakupha."

Tsiku losamuka ndinakawapeza aphunzitsi akukweza katundu m'ngolo, ndikuganiza kuti andiyamikira. Sanandipatse ndi moni womwe. "Chitsiru iwe," anatero, "dzira la bakha laswa bakha. Wawathandiza amalume akowo kulalikira, eti?"

Sindinapepese kwa aliyense, ndipo sindidzapepesa. Mazira ndinasintha ndine, koma munthu wa ana ake anathamangitsidwa ndi amalume. Mpaka lero ndikakumana ndi amalumewo pamaliro ndimayenda modzandira ngati bakha, iwo n'kulavula pansi.

Chimene mutu wanga sunagwire nthawi imeneyo n'chakuti pa nkhani ya dengulo, aphunzitsi ndi amalume sankatsutsana ngakhale pang'ono. Mkangano wawo unali wa mibadwo yosawerengeka, pomwe ine ndinkafuna uthe dzinja limodzi, pansi pa nkhuku imodzi.