Kachikatoni ka Amayi

Amayi anga sukulu anailekeza panjira, koma mankhwala a bambo ankawadziwa kuposa aliyense. Kwa zaka khumi ndi ziwiri akusamala bambo pa matenda a shuga ndi mtima, ankalemba zonse pa kachikatoni kong'amba ku bokosi la sopo: dzina la piritsi, mtundu wake, nthawi yomwera. Dokotala akaletsa lina, ankalikhwatcha ndi cholembera chofiira n'kulemba tsiku pambali. Ife tinkawaseka kuti ndi adokotala a kukhitchini.

Tsiku lomwe bambo anagonekedwa m'chipatala, achimwene anga aakulu anafika kuchokera ku ofesi, tayi ali pakhosi. Namwino atafunsa mankhwala omwe bambo ankamwa, amayi anapisa m'chikwama. Achimwene atangoona kachikatoniko, kothimbirira ndi mafuta, anawagwira dzanja.

"Amayi, musatichititse manyazi. Pepala lenileni ndili nalo."

Pepala lenilenilo linali kalata yotayipa, yachidindo, koma ya chaka chapitacho. Munali piritsi la shuga lomwe dokotala analetsa miyezi isanu m'mbuyomo ataona kuti impso za bambo zafooka. Namwino anakopera kalatayo mosaphonya, poti ndi yomwe anapatsidwa.

"Koma kapiritsi kaja koyera anakaletsa," amayi anatero chapansipansi.

"Awa ntchito yawo akuidziwa," anawadula achimwene. "Tiyeni panja."

Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinangoti duu ngati mlendo. Zimandiwawa mpaka lero.

Masiku atatu bambo anamwa kapiritsiko. Tsiku lachinayi m'mawa anawagwedeza koma osadzuka, shuga atatsikiratu. Apo m'pamene dokotala anafunsa kuti kunyumba amapereka mankhwala ndani. Amayi anatulutsa kachikatoni kaja. Dokotala anakawerenga kawiri, anayang'ana pokhwatcha paja, n'kulamula kuti akakopere mufayilo momwe kalili. Sanafunse kuti chidindo chili pati.

Bambo anatuluka amoyo, koma mutu sunabwererenso. Masiku ano achimwene amabwera Lamlungu ndi zipatso m'manja, n'kumauza alendo kuti vuto la amayi ndi kusalankhula pagulu. Nkhope gwa, popanda n'kuphethira komwe.

Amayi anang'amba chikatoni china, ndipo akulembabe. M'mawa uliwonse amawasambitsa bambo, kuwaveka, n'kuwaikira mapiritsi m'dzanja limodzilimodzi. Bambo amameza, amawayang'ana mwaulemu, n'kunena kuti, "Zikomo anamwino. Nanga akazi anga abwera liti?"