Zofiira Zimene Ndinaziona Patebulo Langa

Lero ndi Lachitatu, pa 12 Malichi. M'nyumba muno tilimo atatu: ine, mng'ono wanga, ndi mzime wanga wamkazi amene akulemba mawu angawa pafoni. Anzanga, sindine munthu wolankhulalankhula. Ndinena kamodzi.

Ndine kalipentala. Mkazi wanga anamwalira kale. Mzime wangayu amagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina yaing'ono. Chaka chatha chitseko cha ofesi yawo chinafufuma ndi chinyezi, ndipo anandiitana. Ndili chigwadire kupala m'mphepete mwake, panatulukira mayi wina, magalasi ali pamphumi. Anali mkulu wa mwana wanga pantchito, nawonso wamasiye.

"A Kalipentala, fumbi lanuli litiphera makina."

"Mayi, chitseko sichipalidwa ndi malovu."

Anaseka mpaka kugwira khoma. Ine sindinaseke, koma nditafika kunyumba kusekako kunali kudakali m'khutu.

Anayamba kufika ku shedi kwanga. Poyamba ankafuna shelefu. Shelefu itatha, anafuna mpando. Mpando utatha, anafuna wina.

Mng'ono wanga anati, "Akulu, mayiwa mipando ikawakwana adzaoda bokosi lanu la maliro. Afunsireni mukadapuma!"

Ndinawafunsira. Anavomera. Mwana wanga atamva anangoti, "Bambo, ndiye kuntchito ndiziwatchula kuti chiyani?" Koma anakondwa.

Tsiku lina ndinawafunsa chimene amayang'anitsitsa pa laputopu nthawi zonse.

"Ife timapanga library," anatero. "Ndi ngati bokosi la zida limene anthu ena amamangira mapulogalamu awo. Tikalikonza, timatulutsa version yatsopano, kapena kuti mtundu watsopano wa bokosilo. Tsono muganize kuti mwasintha maloko pa zitseko zonse zimene munagulitsa, eni ake osawauza."

"Agona panja."

"Eya! N'chifukwa chake tili ndi kachida aka. Kamaika version yakale ndi yatsopano pambali ndi pambali. Zobiriwira ndi zimene tawonjezera. Zofiira ndi zimene tachotsa kapena kusintha, zogonetsa anthu panja zija. Lamulo langa ndi limodzi: pakaoneka chofiira, palibe chotuluka kufikira ine nditaloleza."

Munthu wa lamulo limodzi ine ndimamumva. Ndinawakonda koposa.

Lachisanu lina mwezi watha anachoka msanga kuntchito kudzadya nane masana. Laputopu inali yotsegula patebulo langa, pakati pa mbale. Foni yawo inalira akusamba m'manja, ndipo anandiuza kuti ndiwaikire pa sipika. Anali mwana wanga.

"Madam, kachida kaja kakuonetsa zofiira. Njira yakale yolowera ija yachotsedwa. Ndidikire kaye?"

Zofiirazo ndinaziona ndi maso anga pa laputopupo. Chakudya chinali kuzizira. Ndinati, "Mayi, makinawo sadya. Tsekani."

Anandiyang'ana, namwetulira.

"Tulutsa choncho, mwanawe. Palibe amene akudzerabe njira imeneyo. Tidzaona Lolemba."

Anatseka laputopu. Tinadya.

Lolemba mapulogalamu a makasitomala awo akuluakulu anaima. Njira ija inali ikadali ndi eni ake. Mwini kampani anafunsa amene analoleza. Mayi aja anayankha kuti mtsikana anatulutsa yekha, osawaonetsa zofiira.

Mwana wanga anaimitsidwa ntchito. Anafika pano dzuwa likadali pamutu, nakhala pakhonde osavula nsapato.

"Bambo... inu munalipo."

Anangonena zimenezo basi.

Mawa lake mayi aja anabwera ku shedi. Anaima pa utuchi ndi nsapato zawo za kuntchito. Sindinawapatse mpando.

"A Kalipentala, ndinachita mantha. Bwana anakuwa, pakamwa panga panatsogola."

"Pakamwa pomwepo pakabweze."

"Iye ndi mwana, adzapeza ntchito ina. Ine pa msinkhu uno adzandilemba ndani? Sindikukupemphani kunama. Mungokhala chete... Kukhala chete ndiye mumakutha."

Mawu amenewo anandilasa. Amandidziwa bwino mayiwa, ndipo anadziwa pogwira.

"Munamutchula kuti mwanawe patebulo langa," ndinatero.

"Ndiye mukusankha iyeyo?"

"Sindikusankha, Mayi. Ndinabereka kale."

"Nanga amene anati nditseke laputopu ndani? Si inu?"

"Ndine. Ndipo nazonso ndikazinena."

Analira. Misozi yawo sindinaiyese yabodza. Anavula magalasi, napukuta, natuluka. Ine ndinagwira sowo, koma tsiku limenelo sindinadule thabwa ngakhale limodzi.

Anzanga, musayese kuti mtima wanga wauma. Ndimawakondabe. Pa msinkhu wanga munthu sayembekeza kuti wina adzasekanso nthabwala zake. Ndinadikira kuti mwina apita okha kukakonza mawu awo. Sanapite. Foni yawo imalira, koma sayankha.

Ndinakhulupirira lamulo lawo chifukwa ankalinena bwino. Lamulo limadziwika tsiku limene lafuna kuluma mwini wake.

Mawa mwini kampani waitana onse, ndipo walola kuti nane ndilowe. Za makompyuta sindizidziwa. Ndikanena zimene ndinamva ndi zimene ndinaona. Ndikudziwa kuti ndikatsegula pakamwa, iwo ataya ntchito, ine nditaya iwo. Ndikatseka, mwana wanga asenza dzina la munthu wosasamala kulikonse kumene angakafunsire ntchito.

Inu owerenga, musawatukwane mayiwa m'ndemanga zanu m'munsimu. Wotukwana ndimuchotsa.

Mzime, tumiza zimenezi, ukatero unditsitsire jekete lakuda ulisite. Mng'ono wanga, mawa ubwere m'mawa udzatsegule shedi.